Za Kanema wa Shaka ndi Nkhondo ya pa Chintheche

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za kanema uja wa Shaka Zulu, amene ambiri a inu munamuonera m'tinyumba ta vidiyo, ndipo ana anu pobwerako anasema mikondo ya bango, nayamba kupirikitsana pamchenga.

Kanemayo anatuluka ku South Africa m'chaka cha 1986, pa wailesi ya boma ya SABC, m'zigawo 10. Anamkonza ndi William Faure, ndipo wosewera ngati Shaka anali Henry Cele, amene kale anali goloboyi wa mpira. Za Cele anthu anavomerezana kuti msinkhu wake, maso ake ndi mawu ake zinali za mfumu ndithu. Mkangano unabuka pa zina. Pakuti masiku amenewo kunali tsankho la apartheid, ndipo ambiri anafunsa kuti, boma lopondereza anthu akuda litayirenji chuma chake pa mbiri ya mfumu yakuda? Ena anayankha kuti linafuna kuonetsa kuti anthu akuda akadzilamulira okha amangokhetsana mwazi. Tsono wofotokoza nkhani m'kanemamo ndi Mzungu, Henry Francis Fynn, amene anafika ku Natal mu 1824. Ndipo odziwa mbiri anakumbutsa kuti mnzake, Nathaniel Isaacs, anamlembera kalata mu 1832 yomlangiza kuti polemba buku aonetse mafumu a Azulu okonda mwazi koposa, kuti bukulo likule ndi kukomera owerenga. Mboni yotere, kodi pabwalo la mfumu mungailandire osaifunsa kawiri?

Koma ife dandaulo lathu ndi lina. Kanemayo atha ndi imfa ya Shaka mu 1828, monga ngati moto unazimira pomwepo, chonsecho zikuni zake zinafika mpaka kunyanja kuno. Zwangendaba, kazembe wa Zwide, mfumu imene Shaka anaigonjetsa, anathawira kumpoto ndi anthu ake, naoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Iye atamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mwana wake M'mbelwa anabwerera, nakhazikika kumapiri a kumadzulo kwathu. Atonga ambiri anatengedwa kukakhala pansi pa Angoni, ndipo anyamata awo anaphunzitsidwa kugwira chishango. Maphunziro amenewo anadzapweteka aphunzitsi. Cha m'ma 1870 Atongawo anapanduka, natsikira kunyanja, nadzitchinga m'malinga. Angoni atawalondola, anagonja pa Chintheche, pamene panali linga la Mankhambira. Ngakhale zinatero, amishoni a Livingstonia posamukira ku Bandawe mu 1881 anapeza anthu akali othithikana m'malinga, poopa kuti nkhondo ingabwerenso.

Mu 2023 kunatuluka kanema wina, Shaka iLembe, amene osewera ake alankhula Chizulu, ndipo ambiri anamyamikira pa chifukwa chimenechi. Koma nayenso sanafike pa Chintheche.

Lero Mtonga ndi Mngoni akwatirana, ndipo m'nyumba zambiri za ku Kande ndi ku Mpamba muli mwazi wa mbali zonse ziwiri. Mwana uja wa mkondo wa bango adziwa dzina la Nandi, amake a Shaka, koma tikamfunsa kuti kholo lake linaima m'kati mwa linga kapena kunja kwake, angotiyang'ana, natiuza kuti tikafunse agogo.