Kolera ikalowa pakhomo, ndani akudziwa pamene pali botolo la ma ARV?

Achinyamata anzanga, m'makalabu mwathu timakambirana kwambiri za makondomu, kuyezetsa magazi ndi kuipa kwa kusalana. Koma pali funso limodzi lomwe sindinalimvepo pa zokambirana zathu. Kodi munthu amene amamwa ma ARV pakhomo panu atamunyamula usiku kupita naye ku tenti ya odwala kolera, alipo amene angamupititsire mankhwala ake m'mawa mwake?

Musati ndikukuopsezani. Kolera yomwe inayamba m'boma la Machinga m'mwezi wa Marichi 2022 inafalikira m'maboma onse a dziko lino ndipo inapha anthu oposa 1,700. Tinazolowera kuti kolera ndi matenda a nthawi ya mvula, koma imene ija inapitirira ngakhale m'chilimwe. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula nyumba, zimbudzi ndi milatho m'chigawo chakummwera, ndipo ambiri anathawa ndi zovala za m'thupi zokha, mankhwala ndi mabuku akuchipatala atatsala m'matope.

Zoyenera kuchita pakhomo ambirife timazidziwa. Madzi akumwa tiziwiritsa, kapena kuthiramo klorini n'kudikira mphindi 30 tisanamwe. Ndowa ikhale yovundikira, chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, ndipo pafupi pake pakhale mpondagiya ndi sopo. Kudziwa timadziwa, koma ndi angati mwa ife amene ali ndi paketi ya Thanzi ORS m'nyumba lero? Kolera imapha pomutha munthu madzi m'thupi, ndipo sitenga masiku, maola ochepa chabe amakwana. Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, sungunulani paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ayambe kumwa pomwepo ndipo azimwabe muli pa ulendo wakuchipatala. Ngati paketi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Zodikira kuti kuche ayi.

Koma ine ndikuti khomo lomwe lili ndi zonsezi silinakonzeke ngati botolo la ma ARV likubisidwa pansi pa matiresi popanda wina aliyense wodziwa.

Taganizirani. Wodwala kolera nthawi zambiri amafika kuchipatala ali lefu, kulankhula kukumuvuta. Adokotala amafunsa amene wamuperekeza ngati pali mankhwala ena amene wodwalayo amamwa. Woperekeza akayankha kuti palibe, chifukwa sanauzidwepo, adokotala amagwira ntchito mumdima. Ma ARV amene akuluakulu ambiri amamwa kuno ali ndi mankhwala otchedwa tenofovir, omwe amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo munthu akatha madzi m'thupi impso zake zimavutika. Ndi achipatala amene ayenera kugamula ngati wodwala apitirize kumwa kapena ayambe waima kaye. Si mwini wake, si azakhali, si ife. Ndipo wodwala akakhala masiku angapo osamwa chifukwa botolo latsala kunyumba, timapatsa mpata kachilombo kuti kayambenso kuswana. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ndikudziwa chomwe ena munganene: kuulula ndi ufulu wa munthu, ndipo kusalana sikunathe. Zoona. Ena anabisa chifukwa anaona mmene mnzawo anamuchitira atanena. Sindikunena kuti tiitane mudzi wonse, ndiponso sindikutuma aliyense kukafufuza m'chikwama cha mayi ake kapena kuwapanikiza ndi mafunso. Ndikunena munthu mmodzi yekha, wosankhidwa ndi mwini wake, amene akudziwa malo a botolo ndi buku lakuchipatala. Iwe amene umamwa mankhwala, kaya unabadwa nako kachilomboka kaya unakatenga utakula, msankhe munthuyo mvula isanayambe. Ukasowa poyambira, a kukiliniki kumene umalandira mankhwala angakuthandize mmene ungamuuzire.

Nanga ngati wosankhidwayo ndi iwe? Apa ndi pamene ife achinyamata timalakwa, chifukwa pakamwa pathu sipakhalitsa nkhani. Zimene wauzidwazo si zokauza chibwenzi, si zokatchula ku kalabu ngati chitsanzo. Ntchito yako ndi yochepa: kuonetsetsa kuti ma ARV, Bactrim ngati amamwa, ndi buku lakuchipatala zili m'jumbo losalowa madzi, lopachikidwa pamwamba pomwe ungalitenge ngakhale mumdima. Umukumbutsenso kuona tsiku lokatenga mankhwala ena, kuti lisamupeze mtsinje utadzaza.

Pa msonkhano wotsatira wa kalabu, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Aliyense abwere ndi botolo loyera la lita imodzi ndi supuni yaing'ono ya kunyumba kwawo, asungunule shuga ndi mchere mlangiziyo akuona. Mum'funsenso kumene odwala kolera a m'dera lanu amalandirira chithandizo, kuti tsikulo wakabaza musadzamulozere njira yolakwika.