Nyimbo ndi Mtengo wa Masuku Nazonso Zimachiza

Aliyense wodzuka m'mamawa kuno ku Sanjala amaziona njinga zosenza matumba a makala zikulowa mu Lichinga mondondozana. Thumba lililonse ndi mtengo umene wagwa kumudzi kwanuko, ndipo pakati pa mitengo yogwayo pali ya masuku yomwe.

Ena amati nkhalango yokongola ndi nyimbo ndi nkhani za anthu okhuta. Ine ndikukana, ndipo umboni wanga uli pakhomo pompano.

Gulu loyimba la Massukos, la konkuno ku Lichinga, linatenga dzina lake ku chipatso chomwechi. Mtsogoleri wake, a Feliciano dos Santos, ndi bungwe lawo la Estamos, anayenda m'midzi ya Niassa kuyimba m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chimakua za kusamba m'manja ndi za zimbudzi zothira phulusa, zimene pambuyo pake zimapereka manyowa a kumunda. Nkhani ya chimbudzi ndi yochititsa manyazi pamaso pa apongozi, koma itaikidwa m'nyimbo anthu anaimva akuvina. Mu 2008 bambowa analandira mphoto ya Goldman chifukwa cha ntchito imeneyi.

Kumbukiraninso kolera imene inabuka m'boma la Lago mu 2022. M'madera ena a kumpoto kwa dziko lino anthu akhala akuthamangitsa azaumoyo, poganiza kuti mankhwala othira m'zitsime ndiwo akubweretsa matendawo. Mlendo wonyamula chikwama timamukayikira, koma mawu otuluka pabwalo la nganda kapena chioda timawakhulupirira, popeza oyimbawo ndi ana athu omwe.

Ndi mitengo chimodzimodzi. Phiri likametedwa, madzi a mvula amathamanga osalowa pansi, kasupe amaphwa msanga, ndipo amayi amakatunga pachithaphwi. Kutsekula m'mimba kumayambira pomwepo.

Sindikunyoza wootcha makala ayi. Nayenso akufuna mchere, sopo ndi makope a ana. Koma mafumu athu angathe kugwirizana ndi anthu awo kuti mtengo wa zipatso ndi mtengo wa pakasupe usaone nkhwangwa. Nawo azaumoyo, pobwera kumudzi, ayambe aitana oyimba ng'oma asanatsegule mabuku awo.

Abale anga, m'mera mpoyamba. Mwana wokula akutola masuku ndi kuvina pabwalo la kwawo sadzafulumira kuwononga mudziwo.