Njira ya Kunyanja Isatsekedwe

Pamene ndinali mphunzitsi wachinyamata, nditangotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi, ndinkatenga ana a sukulu kamodzi pa teremu n'kuyenda nawo pansi mpaka kunyanja ku Senga Bay. Tinkadzera m'mphepete mwa dambo la Mpatsanjoka, pafupi ndi mapiri a Senga. Panjirapo ana ankaona akakowa akusaka chakudya m'matope, mapazi a mvuu pa mchenga wonyowa, ndi nkhwazi ili phee pa nthambi kudikira nsomba. Tikatulukira pagombe tinkakhala pansi moyang'ana chilumba cha Namalenje, ndipo phunziro limene likadanditengera sabata yathunthu pa bolodi linkatha tsiku limodzi.

Posachedwapa ndinafuna kuonetsa mdzukulu wanga njira yomweyo. Pamene panali kanjira kotulukira kugombe tinapezapo khoma la njerwa, pamwamba pake waya waminga. Mlonda anatuluka nati mwaulemu, "Pepani agogo, kuno n'kwa eni ake. Bwererani." Sindinamkwiyire mnyamatayo, pakuti anali pa ntchito. Chimene chinandipweteka mtima ndi funso la mwana uja pobwerera: "Agogo, kodi nyanjayi anagula ndani?"

Funso limeneli ndilo landichititsa kulemba nkhaniyi. Mfundo yanga ndi yakuti njira za oyenda pansi zopita kunyanja ndi zodutsa m'mbali mwa madambo a Salima ziyenera kutsegulidwa, kulembedwa ndi kutetezedwa ndi lamulo. Malo amene anthu sapondako amawonongeka popanda wodziwa, ndipo mtundu umene suona chuma chake sungachilondere.

Tiyambe taona ntchito ya dambo, chifukwa alipo ambiri amene amaliyesa malo achabechabe, oswerana udzudzu basi. Mvula ikagwa kumtunda, mitsinje monga Linthipe, umene umalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe, imatsika itasenza dothi lochokera m'minda. Madziwo akafika pa bango ndi gumbwa amachepa liwiro, matope amakhala pansi, ndipo amalowa m'nyanja atasefedwa. Dzinja dambo limamwa madzi osefukira, chilimwe limawatulutsa pang'onopang'ono. M'mabango momwemo ndimo tiana ta chambo timabisala mpaka titakula, pamene mpasa imakwera mitsinje kukaikira mazira. Munthu wotentha bango lonse kapena wokumba mchenga m'khwawa akuba ndiwo za mawa za msodzi wa ku Chipoka ngakhale sanagwirepo khoka.

Maiko anazindikira zimenezi kale. Mu 1971 anapangana mumzinda wa Ramsar ku Iran kuti azisamala madambo, ndipo Malawi analowa m'panganolo mu 1997. Nyanja ya Chilwa ndiyo inali yoyamba kulembedwa, kenaka dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire mu 2017. Zilumba za Maleri, zimene zili pafupi ndi gombe lathu la Salima, ndi gawo la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Mapepala tili nawo okwanira. Chimene chikusowa ndi maso a anthu wamba pa malo enieniwo.

Nanga otsutsa akuti chiyani? Oyamba amati kuyenda kongoyenda ndi khalidwe la azungu ndi anthu okhuta, Mmalawi amayenda pokhapokha pali chifukwa. Mawu amenewa ndi achipongwe kwa makolo athu. Njira zimene zikutsekedwazi anazilambula ndi mapazi a amayi opita kukatunga madzi ndi kukachapa, asodzi opita kudooko, ndi abusa okamwetsa ng'ombe. Mlendo akafuna kuyendamo ayende, ndipo alipire mnyamata womuperekeza, koma mwini njira ndi mudzi. Ngati mukufuna chitsanzo cha ku Africa konkuno, onani nkhalango ya Karura mumzinda wa Nairobi ku Kenya. Anthu andalama atayamba kugawana malowo, mayi Wangari Maathai anatsogolera anthu kukana, mpaka anavulazidwa kumeneko mu 1999. Lero m'nkhalangomo muli njira zimene anthu a mumzindawo amayendamo tsiku ndi tsiku, ndipo n'kovuta kuba malo amene khamu limadutsapo m'mawa uliwonse.

Achiwiri ndi eni mahotela ndi nyumba zopumuliramo. Iwo amati amalemba anthu ntchito, amakhoma msonkho, ndipo mpanda umateteza alendo awo kwa akuba. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikupempha kuti munthu aliyense azilowa pakhonde pawo. Ndikupempha mpata woti anthu awiri n'kupatukirana pakati pa mpanda ndi mpanda, ndi ufulu woyenda pamchenga m'mbali mwa madzi. Kodi n'chilungamo kuti mayi wobadwira pamudzipo azizungulira mtunda wautali ndi ndowa pamutu chifukwa munthu wokhala ku Lilongwe, amene amabwera kamodzi pa mwezi, safuna kumuona? Ndipo aja amene anamanga mpaka pamadzi penipeni anaphunzira mowawa mu 2024, pamene nyanja inadzaza kwambiri n'kulowa m'mahotela ndi m'nyumba ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Malamulo a zamadzi amaletsa kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477 kuyeza kuchokera pa nyanja yaikulu yamchere, koma ambiri anauponda mzerewo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Malo amene akadasiyidwa kukhala njira ndi bango ndiwo amene nyanja inabwera kudzatenga.

Achitatu amakumbutsa za ng'ona ndi mvuu. Mantha amenewa ndi oyenera, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Koma ngozi imakula pamene anthu atsekeredwa madooko odziwika n'kuyamba kutsikira m'mabango osawadziwa. Njira yolambulidwa, yokhala ndi zikwangwani, yosankhidwa ndi asodzi amene amadziwa maiwe a mvuu, imachepetsa ngozi.

Achinayi ndiwo ali ndi mfundo yolemera koposa. Amati munthu wosauka amalima dimba m'dambo, amaumba njerwa ndi kudula bango chifukwa cha njala, ndipo kumuuza za mbalame ndi kumuseka. Sindingatsutse kuti njala ilipo. Koma kusamala sikutanthauza kuletseratu. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma lathu lomwe lino, Mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo chilumbacho chimatsegulidwa ndi mwambo nsomba zitaswana. Lamulo limenelo silinachokere ku likulu, ndipo limagwira ntchito chifukwa anthu amaonana ndi kulonderana. Chimene chatheka pa Mbenji chingatheke pa Mpatsanjoka: pano tilime, apa tidule bango pa nyengo yake, apo tisiye.

Choncho khonsolo ya boma la Salima ikhale pansi ndi mafumu, makomiti a m'magombe ndi eni mahotela, alembe pa mapu njira zonse zakale zotsikira kunyanja, ndipo pasaperekedwenso chilolezo chomanga pa malo otseka njira yotere. Mafumu nawonso aleke kugulitsa gombe ngati mbuzi yawo, pakuti analilandira kuti alisungire ana osabadwa. Njira ya m'mbali mwa dambo sifuna phula kapena ngongole yakunja. Ifuna makasu, timilatho tamatabwa pa malo a lowe, mitengo ya mthunzi, ndi anthu oyendamo.

Inu ophunzira, musadikire kuti mudzayambe mwakula. Funsani agogo anu njira zimene ankadzera popita kunyanja, muzilembe maina ake, muyendemo ndi aphunzitsi anu, muone zimene zatsekedwa. Mukapeza khoma pamene panali njira, lembani kalata kwa khansala wa dera lanu, mwaulemu koma mosaopa. Ena mwa inu mudzakhala oyeza malo, maloya ndi akuluakulu a maofesi, ndipo tsiku lina pepala lopempha gombe lidzafika pa tebulo lanu. Mdzukulu wanga ndinamuyankha kuti nyanja sinagulidwe ndi munthu aliyense. Musadzandisandutse wabodza.