DJ alipo, nanga wogwira chingwe ndani?

Mwana wa mlongo wanga wabwera ndi kalata yochokera ku gulu lawo la achinyamata kuno kwa Nsaru. Akukonza ulendo wokakwera phiri la Bunda, ndiye makolo tisonkhe. Ndalamayo akuti ndi ya basi, mpunga wa nkhuku, zoziziritsa kukhosi ndi DJ. Inde, DJ, kuphiri. Kumunsi kwa kalatayo alembako kuti olimba mtima adzakwera thanthwe ndi chingwe. Nditafunsa kumene chingwecho chichokere, mwana akuti mtsogoleri wawo ali nacho kale, chija cha buluu chomangira mabelo a fodya pa lole. Nanga mtsogoleriyo anaphunzira kuti? "Amalume, amene aja saopa chilichonse."

Saopa chilichonse! Munthu wotero ine sindingamubwereke ngakhale njinga.

Ife a kuno tisanamizane. Kuchoka kwa Nsaru kukafika kwa Kabudula, zinthu zazitali zomwe ungaone ndi chulu ndi nsanja ya foni. Kukwera tinaphunzirira mumtengo wa mango ndi padenga la chigafa, ndiye aliyense amene anafolerapo chigafa osagwa timamuyesa katswiri. Komatu kukwera wekha ndi nkhani ina, kukweza ana a eni ndi nkhani inanso. Wokwera yekha amangoganiza poponda phazi lake. Wotsogolera gulu maso ake amakhala pa kamtsikana kamene miyendo yayamba kunjenjemera, pa mnyamata wofuna kudzionetsera, ndi pa mtambo umene ukuda chakum'mwera.

Chingwe chenicheni chokwerera miyala amachipanga kuti chizitanuka pang'ono munthu akagwa, kuti chisamukoke mwamphamvu n'kumuthyola msana. Cha mabelo chija chimapsa ndi dzuwa, ndipo chikangokhulika pamwala wakuthwa chimaduka. Pamwamba pathanthwe chingwe samangirira malo amodzi ayi, amamanga pawiri kapena patatu, kuti pena pakazuka pena pagwire. Mfundo imene wokwera wamanga m'chiuno imaonedwa ndi anthu awiri, mwini wake ndi mnzake, ngakhale atakhala kuti akwera limodzi zaka khumi. Wogwira chingwe pansi dzanja lake silichoka, foni ilire, njuchi imulume. Kumapeto kwa chingwe amamangakonso mfundo kuti chisapulumuke. Ndipo oonerera m'munsi ndiwo amafunika kwambiri zipewa zolimba, chifukwa mwala umene wagumulidwa pamwamba sufunsa kuti pansi pali ndani.

Ku Britain, bungwe la Mountain Training silipereka chiphaso cha Rock Climbing Instructor chifukwa choti munthu ndi wolimba mtima. Akatha maphunziro amayenera kuthandizira kuyang'anira magulu ka 20, akhale ndi buku lolembamo miyala yonse imene anakwera, akhalenso ndi satifiketi ya chithandizo choyamba, kenako ndiye akayesedwe. Kwathu kuno chiphaso chake ndi wezulo m'khosi ndi mawu aakulu.

Chondipweteka n'choti dziko lino si losauka miyala. Khoma la kumadzulo la nsonga ya Chambe ku Mulanje ndi lotalika pafupifupi mamita 1,700, ndipo limatchuka kuti ndi lalitali koposa onse okwerera ndi chingwe mu Africa. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Anthu odziwa phirilo alipo, anyamata a ku Likhubula amene amaona chiperoni chisanafike. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Mtembo wake unapezeka patatha masabata angapo, atafa ndi kuzizira. Sanali chitsiru, anali wophunzira kwambiri za chuma. Anangotsala wopanda womuuza mawu akuti "tibwerere", mawu amene mtsogoleri weniweni amayenera kuwanena ngakhale gulu lonse limukwiyire.

Ndiye ife timawalemekeza bwanji operekezawa? Timanenerera mtengo wawo ngati tikugula tomato wa madzulo. Apa ndiye pali chilonda changa chakale. Komiti iliyonse yokonza ulendo imene ndinakhalamo imayamba ndi alawansi ya akuluakulu, kenako mafuta, kenako nyama. Wina akangoti tilipire munthu wodziwa phiri, kapena tigule kabokosi ka mabandeji, msungichuma amayamba kutsokomola. Paulendo wina wa sukulu, basi inanyamuka mwana mmodzi atatsala kuchimbudzi, chifukwa aphunzitsi onse anali otanganidwa kuwerenga mabotolo obweza, palibe amene anawerenga mitu.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu timaukonda pamaliro ndi paukwati, koma ine ndimati malo ake enieni ndi m'munsi mwa thanthwe. Ngati sungamangirire mwana wako wobereka wekha ku chingwe chimenecho, wa mnzako ukumumangiriranji? Mukugwirizana nane, ndikudziwa.

Sindikuti ana asapite. Apite ndithu, akaone Lilongwe yense ali pansi pawo. Bunda amakwereka ndi mapazi okha, anthu a mapemphero amakwera tsiku ndi tsiku, bola mwala ukhale wouma, pakuti ukanyowa umaterera koopsa. Za chingwezo, mu Lilongwe muli gulu la Climb Malawi limene limaphunzitsa achinyamata kukwera pakhoma lochita kumanga asanapite ku miyala yeniyeni. Kuchoka kwa Nsaru ndi ulendo wa minibasi. Mtsogoleri apite kaye akagwiritsidwe chingwe, akagwe kangapo, akaphunzire kuopa.

Mu 2025 UNESCO inaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse. Alendo abwera, ena ndi zingwe zawo, ndipo adzafuna wowatsogolera wa mapepala. Tikapitiriza chonchi adzabwera naye kuchokera ku Cape Town, anyamata athu n'kumawasenzera zikwama.