Tikufuna nyimbo kapena phokoso? Tiganize tisanagule zokuzira mawu za m'galimoto

Teremu yathayi kwaya yathu inaitanidwa kukaimba ku mpingo wina wa kumudzi, ndipo ena mwa ife tinakwera Sienta ya mbale wina wa mumpingo. Galimotoyo inali itangochokera kwa mmisiri wa mawaya. Kumbuyo, kumene tikanaika zikwama, kunali chibokosi cha subwoofer ndi ampulifaya yonyezimira. Mwiniwake anatiuza monyadira kuti pa katoni yake panalembedwa mawati 3,000. Tinaika nyimbo imene tinkafuna kukumbutsana panjira. Magalasi ankanjenjemera, m'chifuwa munkagunda, koma palibe amene anamva pamene a alto akulowera. Sabata litatha, tikuti tizibwerera, galimoto inakana kulira. Mmisiri uja analumikiza ampulifaya m'njira yoti izingodya moto ngakhale injini itazima, ndipo batire linali litatheratu. Tinaikankha mumdima titavala yunifolomu ya kwaya.

Tikakumbukira timaseka, koma ndalama zimene zinalowa m'bokosi lija si zosekera. Ambirife pasukulu pano tilibe galimoto. Komabe ndife amene bambo, amalume kapena akulu ampingo amatituma akafuna kukonza wailesi ya m'galimoto, poti amati achinyamata ndiwo amadziwa zamakono. Ena a ife timayendetsa galimoto za abale pa tchuthi, ndipo posachedwapa ena tiyamba kulandira malipiro n'kumalota kagalimoto kathukathu. Choncho nkhaniyi ndi yathu. Maganizo athu ndi akuti choimbira cha m'galimoto chikonzedwe kuti mawu azimveka bwino, osati kuti azifuula, ndipo njira yofikira pamenepo ndi yotchipa kuposa imene ambiri amathamangira.

Sitikunena kuti kukonza choimbira ndi tchimo kapena kukonda za dziko. Ife Aadventi ndi anthu a nyimbo. Ulendo wa ku msonkhano wa misasa, wa kumaliro kapena wa kukalalikira umafupika ngati m'galimoto muli kwaya yabwino kapena ulaliki womveka. Ndiponso vuto la mawailesi obwera ndi galimoto ndi lenileni. Galimoto zambiri zimene zili m'misewu yathu, monga Sienta, Vitz, Passo ndi Probox, zinagwirapo ntchito ku Japan. Mawailesi ambiri a kumeneko amagwira FM kuyambira pa 76 mpaka pa 90 MHz basi, pomwe kuno nyumba zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake munthu amapotokola ndi kupotokola koma n'kungopeza wailesi imodzi kapena ziwiri. Mabatani nawonso amakhala m'Chijapani. Munthu akatopa nazo amafika poganiza kuti zonse n'zowola, achotse aike zatsopano. Apa m'pamene ndalama zimayambira kutayika.

Vuto la FM lili ndi mankhwala ake otchipa. Pali kachipangizo kotchedwa expander kamene amakalumikiza pakati pa waya wa mlongoti ndi wailesi. Ntchito yake ndi kutsitsa manambala a mawailesi a kuno kuti alowe m'dera limene wailesi ya ku Japan imafikira. Nambala yooneka pa galasi imasiyana ndi yeniyeni, koma mawu amatuluka. Ngati cholinga ndi kumvera nyimbo za mu foni, yang'anani kaye ngati wailesiyo ili ndi kabowo ka AUX, chifukwa kachingwe kokha kangathetse nkhani yonse. Ngati kulibe, pali tizipangizo ta Bluetooth totsomeka pa soketi ya magetsi ya kutsogolo, timene timatumiza nyimbo ku wailesi kudzera pa FM. Mukakatchera pakati pa 87.5 ndi 90, pa nambala yopanda wailesi ina, ngakhale wailesi ya ku Japan imakagwira. Mawu ake safika pa ubwino wa chingwe, koma mtengo wake sungafanane ndi wa wailesi yatsopano.

Palinso zina zosafuna ndi tambala yomwe. Ambiri timakweza besi mpaka kumapeto, kenako n'kumadandaula kuti masipika akung'ung'udza. Bwezerani besi ndi trebo pakati, muzimitse batani lokokomeza mawu, ndipo mukokere mawu kutsogolo pang'ono kumene kuli makutu a woyendetsa. Onaninso nyimbo zimene zili mu fulashi. Nyimbo yojambulidwa ndi foni mu tchalitchi, kapena yopanikizidwa mpaka 64 kbps, singamveke bwino ngakhale pa masipika odula chotani. Funani ya 192 kbps kapena kuposa. Kenako gogodani zitseko. Nthawi zambiri chimene timachitcha sipika yophulika chimakhala pulasitiki ya chitseko imene yakhwefuka ndi misewu yathu ya mabampu. Kumanga zomangira zake ndi kuika kasiponji pamene zikukhudzana kumachotsa kulira kwa ngati chitini. Ndipo ngati wina anasinthapo masipika, onetsetsani kuti mawaya a + ndi a - sanatembenuzidwe mbali imodzi. Akatembenuka, sipika ina imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, ndiye besi imasowa. Anthu agulapo subwoofer pofuna kuchiza matenda amene mankhwala ake anali kusinthanitsa mawaya awiri.

Zimenezi zikachitika koma mawu n'kukhalabe osakoma, ndalama zoyamba zipite ku masipika awiri a zitseko za kutsogolo. Obwera ndi galimoto nthawi zambiri amakhala a pepala lopyapyala ndi maginito aang'ono, ndipo pofika kuno amakhala atakalamba, mphira wa m'mbali utauma ndi dzuwa. M'galimoto zambiri zing'onozing'ono amakhala a masentimita 16, koma yezani kaye kukula ndi kuya kwake musanapite kusitolo, kuopa kuti galasi la chitseko lingamagunde sipika potsika. Sankhani a 4 ohms, chifukwa mawailesi ambiri a m'galimoto anapangidwira amenewo. Pa katoni yang'anani nambala ya sensitivity, yolembedwa mu dB. Imeneyi imanena kuchuluka kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa moto wochepa. Sipika ya 91 dB imafuna theka la mphamvu imene ya 88 dB imafuna kuti zimveke mofanana. Kwa munthu wopanda ampulifaya, nambala imeneyi ndi yofunika kuposa mawati.

Za mawati ndiye m'pamene timapusitsidwa kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Manambala aakulu olembedwa ndi zilembo zofiira, aja amati Max kapena PMPO, amanena mphamvu ya kanthawi kochepetsetsa, ndipo ena amangolembedwa kuti katundu ayende malonda. Nambala yodalirika ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yoperekedwa mosalekeza. Wailesi yolembedwa 50W x 4 kawirikawiri imapereka mawati a RMS osapitirira 20 kapena 22 pa sipika iliyonse, ndipo amenewo ndi okwanira kudzaza kagalimoto kakang'ono. Tikumbukirenso zimene tinaphunzira mu fizikisi ku sekondale: kuwirikiza mphamvu kawiri kumangowonjezera ma decibel atatu, kusintha kumene khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Munthu amalipira ndalama zambiri kugula kusintha kochepa. Ndipo zipangizo zonsezi n'zochokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya katundu wotere inakwera limodzi ndi zina zonse, pomwe fizi ndi ndalama ya chakudya sizinadikire.

Nanga subwoofer? Apa tifunse kaye kuti timamvera chiyani. Subwoofer imagwira ntchito pa mawu otsikitsitsa, a pansi pa 80 kapena 100 Hz, monga kugunda kwa ng'oma yaikulu ndi gitala ya besi. Koma woimba besi mu kwaya akatsika kwambiri amafika cha pa 80 Hz, ndipo nthawi zambiri amakhala pamwamba pa pamenepo. A tena, a alto ndi a soprano ali pamwamba kwambiri. Timaphokoso timene timasiyanitsa liwu ndi linzake, monga s, f, t ndi k, timakhala cha pa 2,000 mpaka 4,000 Hz ngakhale kuposa. Tanthauzo lake n'lakuti nyimbo ya kwaya, ya kwateti kapena ulaliki pafupifupi zonse zimatuluka m'masipika a m'zitseko. Kugulira subwoofer nyimbo zoimba ndi pakamwa pokha kuli ngati kugula ngolo kuti unyamulire Baibulo. N'chifukwa chake mu Sienta muja tinkamva kugunda koma mawu a nyimbo ankatayika. Amene amakonda nyimbo za zida angafune besi yowonjezera, ndipo palibe cholakwika, koma ikhale yomalizira kugula, osati yoyamba.

Ampulifaya ilinso ndi mtengo wina wosalembedwa pa risiti. Ya mawati 500 a RMS ikamagwira ntchito mwamphamvu imatha kukoka ma ampu oposa 40, pomwe alternator ya galimoto yaing'ono imapereka pakati pa 70 ndi 100, ndipo amenewo ndi ogawana ndi nyali, fani ndi injini. Zotsatira zake ndi nyali zophethira usiku ndi batire lofa msanga. Choopsa kwambiri ndi waya wochokera ku batire. Amafunika akhale wonenepa mokwanira, wa kopa weniweni, ndipo akhale ndi fyuzi pafupi ndi batire, mosapitirira masentimita 45. Popanda fyuzi, waya akakhuzika n'kukhudza chitsulo cha galimoto amapsa ngati mbaula, ndipo galimoto ikhoza kuyaka. Ngati mmisiri akupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi, kapena akunena kuti fyuzi ndi yosafunika, tengani galimoto yanu muzipita. Safunsa anadya phula: funsani kuti waya wadutsa pati, fyuzi ili pati, ndiponso ngati ampulifaya izizima mukazula kiyi.

Chimene chikutikhudza kwambiri ife ophunzira zauphunzitsi ndi makutu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lakhala likuchenjeza kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa chiopsezo chogontha chifukwa chomvera mawu okwera kwambiri. Limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa mlungu akumvera mawu a ma decibel 80, ndipo mawu akakwera ndi ma decibel atatu okha, nthawi yotetezeka imatsika ndi theka. Pa ma decibel 100 yatsala mphindi zochepa chabe, ndipo galimoto yotseka magalasi yokhala ndi ampulifaya imafika pamenepo mosavuta. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kumva kumayamba kuwonongeka cha pa 4,000 Hz, pafupi ndi pomwe pali timaphokoso tosiyanitsa mawu tija. Taganizani mphunzitsi wa zaka 35 ataima kutsogolo kwa kalasi yodzaza, mwana wa kumbuyo akuyankha motsitsa mawu, iye n'kumangoti "bwereza". Taganizani wotsogolera kwaya amene sakumvanso kuti a soprano atsika. Timaphunzitsa a Pathfinder kuti thupi ndi kachisi wa Mulungu, timapewa fodya ndi mowa, koma makutu timawaiwala ngati kuti si mbali ya kachisiyo.

Wina anena kuti ndalama ndi zake, galimoto ndi yake, ndiye tisamulowerere. N'zoona kuti palibe lamulo la mpingo lonena kukula kwa sipika, ndipo sitikufuna kuti likhalepo. Koma timaphunzira kuti ndife adindo pa zimene tapatsidwa, ndipo udindo suthera pa kubweza chakhumi; umafikanso pa magawo asanu ndi anayi otsalawo. Galimoto imene ili ndi matayala osalala, mabuleki olira ndi inshuwalansi yotha, koma kumbuyo kuli bokosi latsopano, ikuonetsa kuti mwiniwake wasokoneza zoyamba ndi zomaliza. Komanso phokoso silikhala m'galimoto mokha. Woyendetsa amene sakumva hutala, belu la njinga ya kabaza kapena kulira kwa ambulansi akuika moyo wa ena pachiswe. Ndipo amene wafika pa msonkhano wa misasa n'kutsegula zitseko zonse kuti anthu amve zida zake sakulalikira, ngakhale nyimboyo ikhale yauzimu. Agogo amene akupumula m'chisakasa cha pafupi sanapemphe zimenezo.

Pa Luka 14:28 Yesu anaphunzitsa kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Ifenso tikatumidwa kukakonza choimbira, tiyambe ndi kukhala m'galimoto, kuika nyimbo imodzi imene timaidziwa bwino, n'kumvetsera kuti vuto lili pati. Ngati ndi mawailesi osagwirika, expander yakwana. Ngati ndi nyimbo za mu foni, chingwe kapena ka Bluetooth. Ngati ndi kulira kwa zitseko, sikuludiraiva ndi siponji. Ngati mawu ali osakoma, masipika awiri a kutsogolo. Pa sitepe iliyonse tiime, timvetsere kwa mlungu umodzi, tione ngati pakufunikadi china. Ambiri tidzapeza kuti tafika pamene timafuna tisanagule ampulifaya.

Mbale wa Sienta uja anachotsa bokosi lake n'kuligulitsa motchipa kuposa mmene analigulira. Ndalamazo anagulira batire lina ndi masipika awiri a kutsogolo. Ulendo wotsatira zikwama zinakwana kumbuyo, ndipo a alto anamva pamene akulowera.