Ziphaliwali m'maso si za kubisa

Pali anthu ena omwe usiku ukafika sapeza tulo chifukwa cha miyendo. Munthu wathyola tiyi tsiku lonse m'minda ya ku Mulanje, wagona pamphasa, koma m'miyendo mukungomveka ngati mukuyenda nyerere. Akadzuka n'kuyendayenda zimaleka, akagona zimayambiranso. Madokotala amalidziwa vutoli, ndipo kawirikawiri limayenda limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, makamaka kwa amayi oyembekezera.

Mankhwala ake alipo, monga pramipexole ndi ropinirole, omwenso amapatsidwa kwa odwala matenda a Parkinson. Miyendo imatha kukhala bata, koma pa kapepala kobwera ndi mankhwalawa pamalembedwa kuti ena amamva mutu ndi chizungulire akawamwa, ndipo ena saona bwino.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Munthu wayamba mankhwala sabata yatha, lero ali pamsika wa Limbuli kapena pa Chitakale, mwadzidzidzi akuona timizere tokhotakhota tothwanima ngati ziphaliwali, mbali ina ya diso yachita chidima. Zimenezi kawirikawiri zimatenga mphindi 5 mpaka 60, kenako mutu waching'alang'ala n'kugwira. Ambiri amathamangira kuganiza kuti wina wawaponyera. Ena amangotaya mapiritsi osauza aliyense, pomwe ena amapitiriza kumwa mwakachetechete poopa kuti akakalipiridwa kuchipatala.

Njira zonsezi n'zolakwika. Wodwala ayenera kubwerera kwa amene adamupatsa mankhwala, atatenga kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a chilichonse chimene akumwa, ngakhale chogula pagolosale. Akafotokoze tsiku lomwe adayamba kumwa, nthawi yomwe ziphaliwali zidabwera komanso kutalika kwake. Kusiya mankhwala a mtundu wa pramipexole mwadzidzidzi kumabweretsa mavuto ena, n'chifukwa chake dokotala amachepetsa mlingo pang'onopang'ono.

Kwa amayi nkhaniyi ndi yaikulu kuposa apa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaletsa mayi yemwe amadwala mutu waching'alang'ala wobwera ndi ziphaliwali kumwa mapiritsi olera a mphamvu ziwiri, monga Microgynon, chifukwa amachulutsa chiopsezo cha sitiroko. Njira zina zolera zomuyenera zilipo, koma namwino sangadziwe ngati mayiyo sadanene. Ndipo ngati dzanja lafooka, pakamwa papotoka kapena mawu akukanika kutuluka, kudikira kuti kuche n'kuika moyo pachiswe: wodwala apite naye msanga ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission kapena chilichonse chapafupi.

Ena anganene kuti kudandaula kuchipatala sikusintha kanthu. Koma anthu omwe adamwapo ma ARV akale akukumbukira momwe mankhwala a stavudine ankawotchera mapazi ndi kuphwetsa masaya. Zovutazi zitalembedwa m'mayiko ambiri, WHO idalangiza kuti mankhwalawa asiyidwe, ndipo dziko la Malawi lidayamba kusintha mu 2011. Odwala akadakhala chete, zinthu zikadatenga nthawi yaitali. Lero bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, limasonkhanitsa malipoti a zovuta zobwera ndi mankhwala, ndipo malipotiwo amayambira pakamwa pa wodwala.

Nawonso a zachipatala ali ndi mbali yawo. Mzere ungatalike bwanji, funso loti "kodi mankhwala aja akukuyanjani?" silitenga nthawi. Asanalembe mapiritsi a miyendo, ndi bwino ayambe ayeza magazi, pakuti kwa ambiri gwero ndi ayironi. Afunsenso za Piriton ndi amitriptyline, mankhwala omwe amatha kukulitsa vuto la miyendoli. Ngakhale tiyi amene boma la Mulanje limanyadira, akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi mokwanira, ndipo wamadzulo amathamangitsa tulo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Banja lomwe lili ndi munthu woona ziphaliwali atayamba mankhwala atsopano lisataye ndalama kufunafuna yemwe walodza. Limuperekeze kuchipatala, paketi ili m'manja.