Bitcoin isalowe m'banja kudzera pazenera



Masabata apitawa makalata andichulukira pa nkhani imodzi, ndipo olembawo sakumvana. Mayi wina wachitsikana akudandaula kuti amuna ake anatenga ndalama ya feteleza ndi fizi ya mwana n'kukagula Bitcoin, iye wachita kumvera kwa mlamu wake. Bambo wina akuti iye ndiye akuganizira za mawa, poti kwacha ikusungunuka ngati mchere m'madzi, koma mkazi wake sakufuna kumva. Kholo lina likufunsa ngati lipereke K800,000 kwa mwana wa ku koleji yemwe akuti akufuna "kukumba" ndalama pa foni. Mkanganowu uli paliponse, m'minibasi, pa bawo, ngakhale pabwalo la tchalitchi tikaweruka. Ena akuti ndi mwayi wa m'badwo uno, ena akuti ndi juga yovala tayi. Tiyeni tikhale pansi tiunike bwinobwino, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi chinthucho. Bitcoin inayamba mu 2009, ndipo woyambitsa wake anadzitcha Satoshi Nakamoto, munthu yemwe mpaka lero sadziwika nkhope. Ilibe pepala, ilibe chitsulo, ilibe banki kapena boma loiyang'anira. Ndi kaundula wamkulu wa pa intaneti yemwe makompyuta ambirimbiri padziko lonse amasunga mofanana, wosonyeza kuti wakuti ali ndi zakuti ndipo watumiza kwa wakuti. Malamulo ake amati ma Bitcoin sadzapitirira 21 miliyoni. Apa ndi pamene oikonda amaima: akuti boma likhoza kusindikiza ndalama zambiri mpaka kutha mphamvu, koma iyi palibe angaichulukitse.

Bambo uja ndisamunyoze, nkhawa yake ndi yoona. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama pansi pa matilesi anadzuka ili yomweyo powerenga, koma yochepa pogula. Kufuna kuteteza thukuta lako si uchitsiru. Funso ndi lakuti: kodi kothawirako n'kotetezeka kuposa kumene ukuthawako?

Ife kuchipatala tinkalemba kutentha kwa thupi la wodwala pa tchati, ndipo mzere ukamakwera n'kutsika mwadzidzidzi tinkadziwa kuti wodwalayo sitingamusiye yekha usiku. Mtengo wa Bitcoin ndi tchati chotero. Mu Disembala 2017 imodzi inatsala pang'ono kufika madola 20,000 a ku America. Pofika Disembala 2018 inali pa madola ongopitirira 3,000. Mu Novembala 2021 inakwera kufika pafupifupi 69,000, koma patangotha chaka chimodzi inali cha m'ma 16,000. Inadutsa 100,000 mu Disembala 2024, inadutsanso 120,000 mu Okutobala 2025, ndipo Novembala wa chaka chomwecho asanathe inali itatsika pansi pa 90,000.

Wokuitanani adzakuonetsani kukwerako, ndipo sakunama: alipo anagula kalekale n'kudikira zaka, napindula. Koma taganizani za munthu amene anaika madola 100 mu Novembala 2021. Chaka chotsatira anali ndi madola 23 okha. Akanatha kudikira mpaka 2024 akanabweza yake, inde. Nanga fizi imadikira? Feteleza amadikira? Mwana akadwala usiku, mudzauza adokotala kuti tidikire mtengo ukwere? Olemera amatha kudikira chifukwa ali ndi zina zodya. Wosauka amagulitsa pa tsiku loipa chifukwa vuto lamugwira pakhosi. Chinthu chomwecho chimapindulitsa wina n'kugwetsa wina, kusiyana kwake ndi mtundu wa ndalama imene munaikamo.

Mtengowu umavina chonchi chifukwa palibe chougwira. Nyumba imabweretsa lendi, mbuzi imaswa, munda umabala. Bitcoin siswa. Mtengo wake ndi umene munthu wina akulolera kulipira lero, basi. Anthu akatengeka umakwera, akachita mantha umagwa, ndipo msika wake sutseka, usana ndi usiku, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe.

Tsopano za kukumba, poti kholo lija likudikira yankho. Palibe khasu, palibe dothi. Kukumba ndi mpikisano wa makompyuta amphamvu olimbirana kupeza nambala inayake. Pafupifupi mphindi 10 zilizonse mmodzi amapambana, amalemba tsamba latsopano m'kaundula muja, ndipo amalandira mphoto. Mphotoyi imadulidwa pakati zaka zinayi zilizonse: inali ma Bitcoin 50 mu 2009, inakhala 25 mu 2012, 12.5 mu 2016, 6.25 mu 2020, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 ndi 3.125. Opikisana akachuluka, mpikisanowo umadzilimbitsa wokha. Masiku oyambirira kompyuta ya panyumba inkakwanitsa. Lero ndi makampani okhala ndi makina zikwizikwi otchedwa ASIC, opangidwira ntchito yokhayi. Makina amodzi otere amadya mayunitsi a magetsi cha m'ma 70 pa tsiku, amatentha, ndipo amalira ngati chigayo chaching'ono. Werengani mayunitsi amene mumagula pa mwezi kunyumba kwanu, muonjezere kuthimathima kwa magetsi, ndiye mundiuze phindu lichokera pati.

Sikuti kwathu kuno sizichitika. Ku Bondo, m'boma la Mulanje, kampani ya Gridless ya ku Kenya inaika makina otere mu 2023, pogwiritsa ntchito magetsi opangidwa ndi madzi otsika m'phiri. Chinsinsi chake n'chakuti makinawo amadya magetsi otsala, amene anthu a m'mudzimo sakuwagwiritsa ntchito pa nthawiyo, motero ndi otsika mtengo. Kukumba kumapindula pamene magetsi ali otchipa kwambiri. Foni ya mwana wanu singapikisane nawo ngakhale pang'ono. Choncho akakuuzani kuti lipirani mwakuti, foni izikukumbirani muli mtulo, dziwani kuti mgodi umene ukukumbidwawo ndi thumba lanu. Bambo kapena mayi, K800,000 ija musapereke. Mufunseni mwanayo akuonetseni makinawo ali kuti, magetsi ake akulipira ndani, ndipo muone ngati ayankhe.

Ena akuti, "Gogo, ife sitigula Bitcoin, timagula zokhazikika." Akunena ndalama zina za pa intaneti monga USDT ndi USDC, zimene eni ake amalonjeza kuti imodzi izikhala yofanana ndi dola imodzi nthawi zonse. N'zoona kuti sizivina ngati Bitcoin, ndipo ndi chifukwa chake amalonda ena amazikonda. Koma kukhazikikako kwatsamira pa lonjezo la kampani, kuti ili ndi madola enieni kapena chuma china chokwanira kubweza aliyense. Mu Malichi 2023, banki ya Silicon Valley Bank ku America itagwa, USDC inatsika pansi pa masenti 90 chifukwa zina mwa ndalama zake zinali m'bankimo. Iyo inadzukanso. Koma ina yotchedwa TerraUSD, yomwe inkalonjeza chiwongoladzanja cha pafupifupi 20 peresenti pa chaka, inagwa mu Meyi 2022 ndipo sinadzukenso. M'masiku ochepa chabe, anthu amene ankati asunga madola anatsala ndi manambala opanda ntchito. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kosungitsa nakonso kuli nkhani. Mu 2014 msika wa Mt. Gox ku Japan unatseka utataya ma Bitcoin pafupifupi 850,000. Mu Novembala 2022 msika wina waukulu, FTX, unagwa, ndipo mwini wake Sam Bankman-Fried anagamulidwa zaka 25 m'ndende mu 2024 chifukwa chosokoneza ndalama za makasitomala. Awatu anali makampani otchuka.

Koma chimene chikupha mabanja ambiri kuno si Bitcoin yeniyeniyo ayi, ndi akamberembere obisala kumbuyo kwa dzina lake. Abale athu a ku Joni akuikumbuka Mirror Trading International, ya Johann Steynberg, yomwe inkalonjeza phindu la pafupifupi 10 peresenti mwezi uliwonse ndi bonasi ukabweretsa mnzako. Inagwa kumapeto kwa 2020, mwini wake anathawa, ndipo anakamugwirira ku Brazil mu 2021. OneCoin ya Ruja Ignatova inatolera ndalama m'maiko ambiri pogulitsa ndalama yomwe kwenikweni kunalibe. Mayiyo anasowa mu 2017. Tengani pensulo muwerenge nokha: K100,000 yobereka 10 peresenti mwezi ndi mwezi, osachotsako, imapitirira K310,000 pa chaka, ndipo pa zaka zisanu imadutsa K30 miliyoni. Munthu wodziwa matsenga otere angavutikirenji kukusakani inu pa WhatsApp? Oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo olowa akatha, nyimbo imathera pomwepo. Chowawa n'chakuti wokuitanani nthawi zambiri ndi mlamu wanu, mnzanu wa kukwaya, munthu woti nayenso wapusitsidwa ndipo akukhulupirira ndi mtima wonse.

Kumbukiraninso kuti mu 2019 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inachenjeza kuti ndalama zoterezi si ndalama zovomerezeka zolipirira zinthu m'dziko muno, ndipo wochita nazo malonda akudziika yekha pa chiswe. Mukatumiza molakwika pa Airtel Money kapena Mpamba pali ofesi yokadandaulako. Bitcoin ikapita yapita, palibe woibweza.

Ndiye titani? Sindikuletsani, ndinu akuluakulu, koma mverani izi.

Choyamba, ndalama ya banja ndi ya anthu awiri. Bambo, ngati mukuona kuti mukawauza mayi akana, chimenecho ndicho chizindikiro choti muwauze. Mayi, inunso chimodzimodzi ndi ndalama ya kubanki m'khonde. Banja limapirira kuluza kumene munagwirizana, koma kuluza kobisa kumasiya bala losapola msanga, chifukwa chotayika si ndalama yokha, ndi chikhulupiriro. Kwa mayi wa feteleza uja ndikuti: musayambe ndi kukalipa. Sankhani nthawi ana atagona, muwapemphe amuna anu akuonetseni pa foni kuti anaika zingati, kuti, ndipo lero zatsala zingati. Muwapemphe atapeko pang'ono inu mukuona. Zikatuluka, gwirizanani kubweza kaye ya feteleza ndi fizi. Akauzidwa kuti alipire kaye ndalama ina kuti atape, imeneyo ndi mbava, musaonjezerepo ngakhale tambala, sungani mauthenga onse ndipo kaneneni kupolisi. Akakana kukambirana, ankhoswe alipo chifukwa cha zoterezi.

Chachiwiri, ndalama imene ili ndi dzina isakhudzidwe. Ya lendi, ya fizi, ya chimanga, ya kuchipatala, ya maliro. Ngati mwagwirizana kuyesa, ikani yokhayo imene itati yatayika yonse mawa, nsima iphikidwabe ndipo ana apitabe kusukulu. Mankhwala aliwonse ali ndi mlingo wake, ukapyola amasanduka poizoni.

Chachitatu, musakongole. Katapila sadziwa kuti mtengo watsika. Musapinyolitse munda, nyumba kapena njinga ya kabaza chifukwa cha chinthu chimene chingatsike ndi theka m'miyezi yochepa.

Chachinayi, funsani mpaka mumvetse, paja safunsa anadya phula. Phindu likuchokera kuti? Kampaniyo ili kuti, ndipo akuiyang'anira ndani? Mukamva mawu oti phindu n'lotsimikizika, bweretsa anzako atatu, kapena lowa lero mawa titseka, nyamukani muzipita.

Chachisanu ndi chimene achinyamata simukonda kumva. Amene amasunga yekha Bitcoin amapatsidwa mawu achinsinsi 12 kapena 24, ndipo mawu amenewo ndiwo kiyi. Wowadziwa ndiye mwini ndalama. Musawauze munthu wa pa foni ngakhale atati ndi wa kukampani. Koma imfa siipangana tsiku. Ndaona amayi ambiri akutuluka m'wodi ndi katundu wa malemu m'manja, osadziwa kuti chuma cha banja chili pati. Ndalama ya kubanki ili ndi njira yake yoti amasiye aipeze, ngakhale ndi yaitali. Iyi, mawuwo akapita nanu kumanda, yapita mpaka kalekale. Alembeni pa pepala, musunge pabwino, ndipo mnzanu wapabanja adziwe pamene ali.

Pomaliza, yang'anirani thupi ndi mtima. Munthu akayamba kudzuka pakati pa usiku kukaona mtengo, kukwiya msanga, kubisa foni, kusadya, kukongola kuti abweze zimene waluza, ameneyo salinso pa bizinesi, wagwidwa ndi matenda a juga. BP imakwerera pomwepo. Tikumva kawirikawiri za abambo odzichotsera moyo chifukwa cha ngongole, ndipo ambiri amavutika chamumtima poopa kusekedwa. Ngati mwaluza, nenani. Uzani mkazi wanu, mwamuna wanu, abusa, ashehe, kapena pitani kuchipatala mukalankhule ndi achipatala. Inu apabanja, wina akaulula musamuonjezere mwala pamutu. Ndalama imapezekanso, munthu sapezekanso.

Makolo, ana athu akudziwa zambiri za mafoni kuposa ife, ndipo tisawatseke pakamwa. Aloleni akufotokozereni, inu muwafunse mafunso a munthu amene anavutikapo kupeza ndalama. Nzeru zawo ndi zanu zikakumana, wakuba amasowa polowera.

Pitirizani kundilembera. Tikumanenso Lamulungu likubwerali.

Ndine gogo wanu, namwino wopuma.